Makwizi a pa foni akukhoza onse, likafika pepala ziii. Aphunzitsi ndi makolo tithandizane

sir_bio_mbayani:
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yandisowetsa tulo ndiye ndati ndimve kwa aphunzitsi anzanga komanso makolo. Ndimaphunzitsa Biology madzulo kwa ana a Fomu 4 ndi ena obwereza MSCE, timagwiritsa ntchito WhatsApp ndi Google Meet. Lachisanu lililonse ndimawapatsa kwizi pa Google Forms, mafunso 20, imadzichonga yokha. Nde kalasi yonse imakhoza bwanji, 18, 19, 20, olo mwana amene sanayankhepo funso mkalasi chiyambire. Mwezi wathawu ndinawaitana kuti tikumane maso ndi maso, mafoni onse m'chikwama, nkuwapatsa mafunso omwewo ndangowasokoneza dongosolo. Abale inu, theka la kalasi silinafike olo pa 8. Mnyamata wina wa ma 20 sabata ndi sabata ndamuuza ajambule nephron andionetse pomwe magazi amasefedwera mu impso, wangondiyang'ana. Nditafufuza ndapeza kuti woyamba kulemba amajambula sikirini nkuponya kukagulu kawo komwe ine kulibeko, ena amangokopera funso nkulipereka kwa Meta AI, makina aja oyankha mafunso, momwemo mu WhatsApp. Pano ndikuganiza ziwiri, kulamula kuti aliyense aziyatsa kamera nthawi ya kwizi, komanso kuika mayina ndi malikisi a pepala lija pagulu la makolo kuti achiteko manyazi. Mukuziona bwanji?

Mjomba_ku_Joni:
Ikani mayinawo a sir musachite kufunsa. Ife kuno tikudzuka m'bandakucha kukuzizira kuti titumize ya fizi ndi ya bandulo, mwana ali phee kunamiza anthu ndi ma 20 abodza. Manyazi sapha munthu.

MakeTada:
Ayi achimwene a ku Joni pamenepo nde ndakana. Pasukulu ina pomwe amaphunzira mwana wa mchemwali wanga aphunzitsi anachita zomwezi, kuponya mndandanda wa mayina ndi malikisi pagulu la makolo. Ola lisanathe wina anali atajambula kale sikirini, mawa lake ili pa status za ana anzake ataika tizithunzi toseka pa dzina la amene anali kumapeto. Mtsikanayo anakhala pakhomo sabata yathunthu akuti mutu, koma kunali kuopa kusekedwa. Chinthu chikangolowa pagulu la WhatsApp si chanunso a sir, simungachibweze. Malikisi a mwana wanga nditumizireni ineyo kumbali kapena mundiimbire, ndithana naye ndekha kunyumba kuno.

Mjomba_ku_Joni:
Nthawi yathu a hedi amawerenga zotsatira pa asembule kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza. Tinafa?

MakeTada:
Za pa asembule zimathera pa asembule pompo. Izi zimakafika mpaka kwa azakhali ake ku Mzimba ndipo sizifufutika.

wobwereza_F4:
Pepani akuluakulu ndilankhuleko ngati mwana wasukulu, ndikubwereza Fomu 4 koma osati kwa a sir awa. Za kamerazo zipweteka ife osauka. Kwathu nyumba ndi chipinda chimodzi ndi pabalaza, nthawi ya kalasiyo mayi amakhala akuphika pambaula kumbuyo kwangaku, azing'ono anga akuthamangathamanga ena osavala malaya. Kalasi ina yomwe ndinaliko anatikakamiza kuyatsa, anzathu ena amajambula sikirini nkumaseka khoma lathu losapaka pulasitala mpaka kundipatsa dzina. Komanso foni ndi ya mayi, amabwera nayo kuchokera kumsika cha m'ma 7 batire itatsala pang'ono, ukayatsa vidiyo mphindi 20 yathima. Ndipo kunena chilungamo wofuna kubera kamera singamuletse, foni yachiwiri amangoiika pamwendo, nkhope ili bwinobwino pa sikirini maso ali pansi.

IT_wa_25:
Mfanayu wanena zoona. Kamera ikudyerani bandulo ya ana pachabe, vidiyo ya gulu ola limodzi imatha kudya hafu ya GB kapena kuposa pomwe mawu okha amadya pang'ono kwambiri. Koma a sir musanafike kumeneko, fomu yanuyo munaitchera bwanji? Chifukwa ambiri amangopanga kwizi nkusiya zonse momwe zinabwerera. Lowani ku Settings, pali poti mafunso azisokonezeka dongosolo kwa munthu aliyense, pali poti munthu ayankhe kamodzi kokha koma pamenepo afunika alowe ndi akaunti ya Google, ndiye chachikulu kwambiri pali posankha kuti malikisi ndi mayankho olondola asaoneke munthu akangomaliza, muzitulutsa nokha nonse mukatseka. Ngati mumasiya kuti woyamba aone mayankho olondola nthawi yomweyo nde kuti likasa mukuwapatsa ndi inuyo. Pali ina yotseka foni kuti mwana asatuluke pa kwizi koma imagwira pa malaputopu a Chromebook a sukulu okha, pa mafoni athuwa iwalani.

sir_bio_mbayani:
Zosokoneza mafunsozo ndinatchera kale bwana. Sizithandiza kwenikweni chifukwa amakopera funso lonse nkukafunsa makina, dongosolo lilibe ntchito.

IT_wa_25:
Nde vuto ndi mtundu wa mafunso. Funso lomwe makina angayankhe pa masekondi atatu musamaliwerengere malikisi.

madam_history:
Ine ndimaphunzitsa History pa CDSS ina kuno ku Chiradzulu ndipo zoletsazo ndinazisiya kalekale. Meta AI inalowa mu WhatsApp kuno kwathu mu 2024, ili pamalo pomwepo mwana amatsegula kuti aone notsi zanu, muiletsa bwanji? ChatGPT nayo ilipo chiyambire kumapeto kwa 2022. Chomwe ndimachita ndi ichi, ndimawagawa m'magulu malinga ndi mafoni omwe alipo nkuwauza kuti funsani makinawo za kuukira kwa John Chilembwe, yankho lake mulikopere m'kope ndi dzanja, mukatero tsegulani buku ndi notsi mudule mzere kunsi kwa chilichonse chomwe chikusemphana ndi buku kapena chomwe simukuchipeza paliponse. Malikisi ndimapereka pa zomwe wagwira, osati pa yankho lokoperalo. Tsiku lina gulu lina linabwera ndi zoti kuukirako kunayamba pa 15 Januwale, paja ndi tsiku la tchuthi cha Chilembwe, mtsikana wina wachete kwambiri nkukweza mkono kuti ayi madam, buku likuti unali usiku wa pa 23 Januwale 1915 pomwe anthu a Chilembwe anapita ku Magomero nkukapha William Jervis Livingstone. Kalasi inakangana mpaka belu kulira, ena kuikira kumbuyo foni ena buku. Chondimvetsa chisoni chinali choti ana amenewa PIM, mishoni ya Chilembwe ku Mbombwe, amaidziwa ndi maso, ena amapemphera konko, koma anali okonzeka kukhulupirira foni chifukwa choti yalemba Chingerezi chosalala. Pano akaona yankho lokongola amayamba afunsa kuti izi zachokera kuti.

mphunzitsi_wotopa:
Madam zabwino zimenezo koma muli ndi ana angati mkalasi? Ine ndili ndi oposa 90, silabasi ikundithamangitsa, nthawi yokangana ndi foni ndiitenga kuti

madam_history:
Anga ndi ochuluka chimodzimodzi aphunzitsi. Sindichita tsiku lililonse ayi, kamodzi pa mutu uliwonse basi. Nthawi yomwe mumataya kuchonga ma esee 90 ofanana mawu ndi mawu ndi yochuluka kuposa imeneyo.

BamboAJuni:
Ine sindine mphunzitsi, ndimagulitsa hadiweya, koma zomwe ndinaona kunyumba kwanga zikugwirizana ndi madam. Mwana wanga anapatsidwa homuweki ya Agriculture, afotokoze kasungidwe ka chimanga akakolola. Ndikuwerenga ndikupeza zankhokwe zikuluzikulu zachitsulo zokhala ndi makina ouzira mpweya ndi kuyeza kutentha ndi kompyuta. Ndamufunsa kuti iwe agogo ako ku Ntcheu chimanga amasunga chonchi? Mulibe nkhokwe ya nsungwi, mulibe kuthira Actellic, mulibe matumba a PICS aja osalowa mpweya, anankafumbwe sanatchulidwe nkomwe, pomwe iyeyo holide iliyonse amatonola nawo chimanga nkusoka matumba. Zinthu akuzidziwa koma waona ngati zakezo nzachabe. Ndinamuuza kuti munthu saphunzira kupalasa njinga atakhala kumbuyo kwa kabaza, ufika kumene ukupitako koma miyendo yako sidziwa kanthu. Lamulo kwathu pano ndi loti ayambe walemba yekha m'kope, akamaliza ndi pamene angafunse foni kuti imufotokozere pomwe sanamve.

Mjomba_ku_Joni:
Inu muli pafupi mumaona kope. Ife tili kutali timangolandira sikirinishoti ya 19/20 nkuwonjezera ya bandulo kuti mwana akulimbikira kkkk

Chemwali_wa_Mpemba:
Nkhani ya bandulo musaiyambe ndingalire. Ndimagula ya sabata Lolemba, Lachitatu yatha, ndikafunsa akuti ndi kalasi. Kalasi yanji yovina?

IT_wa_25:
Lowani mu Settings ya foniyo pa Data usage chemwali, imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi ma MB omwe yadya. Mukapeza TikTok ili pamwamba Google Meet ili pansi nde mwadziwa kalasi yake. Muthimitsenso zoti WhatsApp izidzitsitsira yokha mavidiyo, magulu a kalasiwa anthu amaponyamo zinthu zolemera.

Chemwali_wa_Mpemba:
Ndaona. Ambuye ndikhululukireni zomwe ndimuchite mwanayu akabwera

gogo_wa_wailesi:
Ana inu mukuvutika ndi zodula. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid, adzukulu anga kumudzi kuno anaphunzira ndi wailesi ya mabatire, foni ya intaneti panalibe ndipo netiweki kuno timakaipeza pachulu. Kale kunalinso Tikwere pa MBC, mphunzitsi wa pa wailesi amafunsa funso nkukhala chete kudikira ana ayankhe, ana nkumakuwa mayankho pansi pa mtengo. Palibe amabera pamenepo chifukwa panalibe pobera.

Maule_mpaka_kale:
Agogo wailesi simungaifunse kuti bwerezani sindinamve kkk

gogo_wa_wailesi:
Koma sithima magetsi akapita mwana wanga.

mphunzitsi_wotopa:
Apo agogo mwalasa. Chaka cha 2022 chija namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale, dziko linataya ma megawati pafupifupi 130, makalasi a pa intaneti ambiri anangofa okha. Ukonze phunziro bwinobwino nthawi ikakwana theka la ana mafoni athima. Mpaka pano ine sindiika malire a kwizi a ola limodzi, ndimapereka tsiku lathunthu chifukwa sudziwa kuti dera liti lili mumdima.

sir_bio_mbayani:
Tsiku lathunthulo ndi lomwe limawapatsa mpata wogawana mayankho aphunzitsi

Maule_mpaka_kale:
Bola musaike kwizi tsiku la derby a sir, olo ine sindingalembe

Noma_yomweyo:
Inu nde mulembe kwizi yomweyo, ku stadium mukangolirako

Admin_wa_gulu:
Abale za mpira zili ndi gulu lake. Tibwerere kwa a sir.

NaBanda_Kawale:
Ine langa ndi lina ndipo mundikhululukire aphunzitsi muli pano, sindikunena inu. Tikukamba za ana ngati kuti osalongosoka ndi iwo okha. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 ndinamulembetsa makalasi a Masamu a pa WhatsApp kwa aphunzitsi ena aamuna. Poyamba zinali bwino, mafunso pagulu mayankho pagulu. Kenako anayamba kumulembera kumbali, eti ndaona ukuvutika ndi ma equation ndizikuthandiza pawekha. Tsiku lina foni ili ndi ine cha m'ma 11 usiku ikulowa meseji, wagona? Kutsegula ndikupeza anatchera zoti mameseji azifufutika okha pakatha maola 24. Mphunzitsi wa Masamu akufuna mameseji ofufutika achani? Ndinamuchotsa tsiku lomwelo. Komanso pagulu limenelo nambala ya mwana aliyense imaonekera kwa aliyense, anyamata obwereza a zaka 25 ali momwemo ndi atsikana a zaka 15, linki ya gulu ikungoyenda pa Facebook aliyense kulowa. Nde tikamakamba zogwiritsa ntchito bwino zipangizozi tiyambire kwa akuluakulufe.

MakeTada:
Mayi mwandilankhulira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, munawauza makolo enawo?

NaBanda_Kawale:
Ndinauza amayi awiri omwe ndimawadziwa, winayo anapeza zomwezo mufoni ya mwana wake.

paralegal_Zomba:
Amayi a ku Kawale, zoterezi musamangomuchotsa mwana nkukhala chete chifukwa munthuyo amangosamukira kwa wina. Choyamba jambulani sikirini mameseji asanafufutike, nambala yake ndi nthawi zizioneka, ndipo musamuyankhe mokalipa kaye kuti angafufute zonse. Malamulo alipo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imati kuvutitsa munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti ndi mlandu, ndipo chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, zoti anavomera yekha sizigwira. Mutha kupita ku Victim Support Unit ku polisi yapafupi kapena kuimba 116, ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana. Kwa a sir a Biology, dziwaninso kuti kuli Data Protection Act ya 2024 yomwe amayang'anira ndi a MACRA. Dzina la mwana, nambala yake, chithunzi chake, malikisi ake, zonsezo ndi zinthu zake zomwe munazilandira kuti mumuphunzitse, osati kuti muzimwaze. Ndaonanso ena amajambula kalasi ya pa Zoom nkudula kachidutswa kuika pa TikTok kuitanira makasitomala, nkhope za ana a eni zili poyera makolo osafunsidwa. Zimenezo mudzakumana nalo kholo lodziwa malamulo mudzalira.

sir_bio_mbayani:
Chonde tisaphatikize aphunzitsi onse m'thumba limodzi. Ena tikugwira ntchitoyi mwaulemu ndipo ifenso timavutika, ana amatilembera pakati pa usiku, sir number 4 yandivuta, ukapanda kuyankha mawa kholo likuimba kuti ndimalipira ine bwanji simuyankha mwana wanga. Akazi anga afika potopa nayo foni yanga.

madam_history:
Nde lamulo limodzi lomwelo likutetezani nonse a sir. Lembani pamwamba pa gulu kuti mafunso onse pagulu, kumbali ayi, ndipo ikakwana 8 koloko usiku mutseke kuti azilemba ma admin okha mpaka m'mawa. Muike admin wachiwiri, makamaka mayi mmodzi mwa makolo, aziona zonse zochitika. Linki yolowera muisinthe ndipo mutchere zoti wolowa aliyense muzichita kumuvomereza. Kholo lofuna kuti muziyankha 12 koloko usiku muliuze kuti lamulo ndi limeneli musanalandire ndalama yake.

wobwereza_F4:
Koma madam ena timachita manyazi kufunsa pagulu, ukafunsa chophweka anzako amaika ka emoji koseka

madam_history:
Woseka mnzake atuluke pagulu tsiku limodzi, akabwereza sabata. Ndinayesa zimatheka. Komanso a sir atha kupanga fomu ina yosafunsa dzina yoti ana aziponyamo mafunso, iwo nkumayankha pagulu osatchula wofunsa.

teacher_std2_Dedza:
Ndimangowerenga koma ndinenepo za kupulaimale. Sukulu yathu ili nawo mu BEFIT, pulogalamu ya boma ya matabuleti yomwe inayamba mu 2023 ndi sukulu 500, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. Mumakhala maphunziro a onebillion a kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, sizifuna intaneti, timatchaja ndi sola. Mwana amavala zomvera m'makutu, tabuleti imamuuza gwira apa, kokera apa, akalakwa imamubweza mpaka akhoze. Chomwe ndaona ine nchoti zimayenda chifukwa tabuletiyo ilibe china chilichonse, mulibe YouTube mulibe gemu ya mpira, nthawi yake ndi yoikika, ikatha timatolera nkutsekera, ndipo mphunzitsi amakhala akuzungulira. Ukangokhala pansi kuti makina aphunzitsa okha upeza wina akungobayabaya paliponse kuti amve kaphokoso, wina wanzeru akuwayankhira anzake atatu. Nde olo ana a zaka 7 amadziwa kubera a sir, si a Fomu 4 anu okha.

Mjomba_ku_Joni:
Nde bwanji osangopanga mafoni otseka chonchowo a ana a sekondale

IT_wa_25:
Ilipo Family Link ya Google ankolo, kholo limatha kuika malire a maola ndi kuletsa mapulogalamu ena kuchokera pa foni yake olo lili ku Johannesburg. Koma mwana wa zaka 17 akafuna amabwereka ya mnzake. Imathandiza kwa ang'onoang'ono. Pajanso WhatsApp yeniyeniyo malamulo ake amati zaka 13 kupita m'mwamba, ChatGPT chimodzimodzi ndipo wosakwana 18 amafunika chilolezo cha kholo, koma timangodina kuvomera osawerenga.

ODL_mama:
Kuyunivesite nakonso nkhondo yake ndi yomweyi musaone ngati ndi ana okha. Ine ndine mphunzitsi ndikuchita digiri ya ODL, yophunzira uli kwanu, ma asayimenti timaponya pa intaneti pa Moodle ndipo amadutsa mu Turnitin, chida chofufuza ngati wakopera. Anzathu ena akuluakulu a imvi amalembetsa zonse kwa ChatGPT mpaka mndandanda wa mabuku kumapeto, lekichara kupita kukafufuza mabukuwo kupeza ena kulibe, makina anangopeka mayina ndi zaka. Koma mbali inayi ilinso ndi vuto, zida zoti zigwire zolemba makinazi zimanamiziranso anthu. Mnzanga wina analemba yekha usiku ndi usiku ndikumuona, chida nkunena kuti zambiri ndi za makina, mwina chifukwa ife Chingerezi chathu ndi cha m'buku chowongoka. Anapulumuka chifukwa anali ndi mapepala ake oyamba olemba pamanja ndipo atamuitana kuti afotokoze pakamwa anafotokoza zonse. Nde a sir musadzathamangire kugula chida chogwirira ana, mudzalanga osalakwa. Kumufunsa munthu pakamwa ndi komwe sikunama.

mphunzitsi_wotopa:
Chomwe chimandiopsa ine si kwizi ya Lachisanuyo ayi, ndi chizolowezi. Mwana wozolowera kuti yankho limabwera pa foni ndi yemwe amagwa m'manja mwa akuba aja amalowa m'magulu nthawi ya mayeso, eti ndili ndi pepala la MANEB tumizani ndalama pa foni ndikupatseni. Ambiri amatumiziridwa mapepala akale osintha chaka. Ndipo mukumbuke 2020, mayeso a MSCE atabedwa nkumayenda pa mafoni boma linawathetsa mu Novembala ali mkati, ana onse dziko lonse olakwa ndi osalakwa omwe kukalembanso mu Januwale 2021. Ana a chaka chimenecho anali atakhala kale miyezi kunyumba ndi Covid. Ndimawakumbutsa anga chaka chilichonse.

IT_wa_25:
Powonjezera, muwachenjeze za uja amalemba pagulu kuti tikusamutsira kalasi ku gulu latsopano, ndikutumizira manambala 6 pa SMS unditumizire. Amenewo ndi makiyi a WhatsApp yako, ukapereka yapita, ayamba kupempha ndalama abale ako m'dzina lako. Aliyense atchere two-step verification, loko wachiwiri wa WhatsApp, ndi mphindi imodzi.

Chemwali_wa_Mpemba:
Zinawachitikira apongozi anga zimenezo, anthu a kumpingo anatumiza ndalama ya maliro a munthu wamoyo

Admin_wa_gulu:
Kkkk pepani chemwali. A sir mwathandizika kapena tikungozungulira?

sir_bio_mbayani:
Za mayina pagulu ndazisiya, ndiziimbira kholo lililonse palokha. Kamera nayonso ndamva. Koma funso langa lenileni silinayankhidwe bwinobwino, Lachisanu likubwerali ndiwayese bwanji anawa kuti ndidziwe amene wamva ndi amene sanamve? Kukumana maso ndi maso sabata iliyonse sikutheka, ena ali ku Chileka ena ku Bangwe, thiransipoti yake.

madam_history:
Kwiziyo isiyeni ikhalepo koma muwauze poyera kuti ilibe malikisi, siipita kwa makolo, ndi yoti adziyese okha. Phindu lobera likachoka ambiri amasiya, ndipo inu mumayamba kuona mafunso omwe akuwavutadi. Zoyesa zenizeni zikhale zomwe foni singawachitire. Ajambule nephron m'kope ndi pensulo, alembe dzina ndi deti pakona, atole chithunzi. Kenako voice note ya mphindi imodzi afotokoze ndi pakamwa pake zomwe zimachitika magazi akafika pamenepo, olo asakanize Chichewa ndi Chingerezi zilibe kanthu. Wowerenga pa sikirini amadziwika, mawu ake amayenda ngati akulengeza za maliro, ndipo mukamuponyera kafunso kamodzi kotsatira, nanga munthu akamwa madzi ochepa chimasintha nchiyani, amagwidwa pompo.

wobwereza_F4:
Voice note nde bola, siidya bandulo ndipo utha kukajambulira kuseri kwa nyumba

sir_bio_mbayani:
Madam ana 60 voice note iliyonse mphindi imodzi, kuphatikiza kufunsanso ndi kuyankha, ndi maola angati amenewo? Ndili ndi ntchito ya masananso ine.

ODL_mama:
Simukuyenera kumvera onse. Onse atumize, inu musankhe 10 mwa maere sabata iliyonse pa amene simunawamvebe, asadziwe kuti agwera ndani. Pakutha kwa mwezi ndi hafu mwamumva aliyense.

mphunzitsi_wotopa:
Ine ndikuonabe kuti mukuwapatsa aphunzitsi ntchito yambiri pa ndalama yochepa. Makolo nawo agwireko, kope la mwana kuliona kamodzi pa sabata sikufuna digiri.

BamboAJuni:
Zoona koma mutiuze choti tiyang'ane aphunzitsi. Ine Biology ndinaisiya Fomu 2, mukangoti onani kope ndiona kuti walemba bwino basi. Mutatitumizira mafunso awiri ndi mayankho ake Loweruka lililonse ife nkumufunsa mwana pa chakudya chamadzulo foni ili patali, zimenezo tingathe.

MakeTada:
Imeneyo nde ndaikonda. Olo ife a foni ya mabatani SMS imafika.

sir_bio_mbayani:
Chabwino ndiyesa ya maereyo ndi mafunso a makolowo mwezi uno, koma pepala la maso ndi maso likhalapobe kamodzi pa mwezi, limenelo sindisiya. @IT_wa_25 pobisa mayankho paja mwati ndi pati, ndikuona pa Settings pali zambiri

IT_wa_25:
Pansi pa Make this a quiz, pomwe alemba Release grades musankhe Later, after manual review, ndiye muthimitse Correct answers ndi Missed questions. Zikakuvutani ponyani sikirinishoti pano koma mubise mayina a ana.

Mjomba_ku_Joni:
A sir malo alipo mkalasi mwanumo? Ndikufuna ndimusamutsire mphwanga kwa inu, ndipo pa maerepo dzina lake muzililemba kawiri.